Mafunso ndi mayankho: seva yolandira data ku tizipangizo topanda waya n'kuigawira anthu ambiri nthawi imodzi

Mafunso awa amabwera kawirikawiri kuchokera kwa amisiri ndi ophunzira a muno mu Mzuzu amene akumanga makina oyeza zinthu patali, monga madzi m'mathanki, kuzizira kwa mafiriji a mankhwala, chinyezi mosungira khofi ndi mphamvu ya mabatire a sola. Kuti tisamangoyankhula m'malere, titenga chitsanzo chimodzi chongoyerekeza: masensa 30 ali pa mathanki omwazikana kuyambira ku Luwinga mpaka ku Mchengautuwa, ndipo sensa iliyonse ikutumiza ma byte 12 pa mphindi 5 zilizonse kudzera pa LoRa, radio yofika patali koma yonyamula data yochepa. Amenewo ndi mauthenga 6 pa mphindi, 8,640 pa tsiku.

Kodi seva imeneyi ntchito yake ndi yotani kwenikweni?

Imakhala pakati. Mbali imodzi kuli tizipangizo tomwe timayankhula pang'onopang'ono, nthawi yomwe tafuna, ndipo sitidikira munthu. Mbali inayo kuli olandira: foni ya woyang'anira mapampu, kompyuta ya mu ofesi, pulogalamu yotumiza SMS thanki ikatsala pang'ono kuuma, ndi database yosunga mbiri. Uthenga umachoka pa sensa, umafika pa gateway (chipangizo chomwe chimamva radio ya masensa), gateway n'kuupereka kwa seva kudzera pa USB, UDP kapena MQTT. Seva imaona ngati uthengawo ndi wathunthu, imauika nthawi, kenako imaupereka kwa aliyense amene anaupempha.

Data yake ndi yochepa. Ngakhale uthenga uliwonse mutausandutsa JSON ya ma byte 150, wolandira mmodzi amatenga pafupifupi 1.3 MB pa tsiku. Chimene chimagwetsa ma seva oterewa si kuchuluka kwa data ayi, koma kudikira: wina akachedwa, kodi enawo aima naye limodzi?

Mawu oti asynchronous akutanthauza chiyani?

Taganizani za kondakitala wa minibasi yochoka mu depoti kupita ku Ekwendeni. Wafika pa mayi wina amene ndalama anamanga pa nsonga ya chitenje, mfundo yake yalimba. Kondakitala saima pamenepo kuyang'ana mayiwo akumasula ndi mano. Amati, "Mayi, muzimasula, ndibwera," n'kutolera kwa ena. Mayi aja akatukula dzanja, iye amabwerera. Kondakitala ndi mmodzi, okwera ndi ambiri, ndipo palibe amene wadikira chifukwa cha mnzake.

Seva ya asynchronous ili ndi kondakitala mmodzi wotero, wotchedwa event loop. Imafunsa kernel, yomwe ndi mtima wa Linux, za ma socket, omwe ndi njira zolumikizirana ndi aliyense, kuti, "Pa ma socket onsewa, ndi ati ali ndi chowerenga, ndi ati ali ndi malo olembamo?" Imagwira okhawo amene akonzeka, mwachangu, n'kubwerera kukafunsanso. Koma kondakitala yemweyo akayamba kukangana ndi munthu mmodzi za chenji, minibasi yonse imadikira. Mavuto ambiri amene tayankha m'munsimu ndi a mtundu umenewu.

Bwanji osangopatsa wolandira aliyense thread yake?

Thread ili ngati kondakitala wina m'kati mwa pulogalamu yomweyo. Ngati olandira ndi 10 kapena 20 ndipo sadzachuluka, chitani zimenezo, palibe mlandu. Vuto limayamba akafika mazana. Pa Linux thread iliyonse imasungiridwa stack ya 8 MB mwa chizolowezi. Zoona, memory imeneyi sidyedwa yonse nthawi yomweyo, koma pa Raspberry Pi yoyenda ndi dongosolo la 32-bit malo a ma address amatha ma thread asanafike 400. Chachiwiri, ma thread onsewo amagwira mndandanda umodzi wa olandira, ndiye pamafunika ma lock. Thread imene yagwira lock ikakakamira polembera foni yomwe ili kopanda netiweki, ena onse amaima pakhomo. Mwabwerera pa vuto lomwe mumathawa, ndipo tsopano ndi lovuta kulipeza chifukwa limachitika mwa apo ndi apo.

Nkhaniyi si yatsopano. Dan Kegel anaitcha C10K mu 1999, pofunsa momwe seva imodzi ingasamalire olandira 10,000 nthawi imodzi. Nginx, yomwe inatuluka mu 2004, ndi Node.js ya mu 2009, zonse zinamangidwa pa event loop.

Ndisankhe select, poll kapena epoll?

Zonsezi ndi njira zofunsira kernel za ma socket amene akonzeka. Ngati mukulemba mu Python, Node.js kapena Go, simusankha nokha, zida zake zimatenga epoll pa Linux popanda kukufunsani. Ngati mukulemba mu C, pewani select: imathera pa file descriptor nambala 1023 (file descriptor ndi nambala ya fayilo kapena socket yotsegulidwa), ndipo mukadutsa pamenepo imawononga memory mwakachetechete. Poll ilibe malire amenewo koma imayendera mndandanda wonse ulendo uliwonse. Epoll imakupatsani okonzeka okha. Yambani ndi level-triggered, yomwe imapitiriza kukuuzani ngati data ikadalipo. Edge-triggered imafuna kuti muwerenge mpaka mutalandira EAGAIN, kutanthauza kuti chowerenga chatha, ndipo mukasiya ngakhale byte imodzi m'kati, socket imeneyo ikhoza kungoti zii mpaka data ina idzafike.

Chilankhulo chabwino ndi chiti?

Chomwe inu ndi amene adzatsale ndi makinawo mumachidziwa. Python yakhala ndi asyncio, laibulale yake ya event loop, kuyambira 3.4 mu 2014, ndipo mawu a async ndi await anabwera mu 3.5. Pa mauthenga 6 pa mphindi, ngakhale 600, Python pa Raspberry Pi siituluka thukuta. Zitsanzo zathu zili mu Python pa chifukwa chimenecho.

Seva yake ndiigawe zigawo zingati?

Zinayi, ndipo chilichonse chikhale task yakeyake.

Choyamba ndi wowerenga. Ntchito yake ndi kutenga ma byte ku gateway, kuwadula kukhala mauthenga, kuona CRC (nambala yotsimikizira kuti uthenga sunawonongeke), n'kuponya mu mzere waukulu. Asachite china chilichonse: asalembe mu database, asatumize SMS, asadikire munthu. Radio sibwereza zomwe yanena.

Chachiwiri ndi wogawa. Amatenga uthenga mu mzere waukulu, amausandutsa JSON kamodzi kokha, kenako amauika mu mzere wa wolandira aliyense amene akuufuna. Tikuti kamodzi chifukwa ambiri amalakwitsa pano, amaika json.dumps m'kati mwa loop ya olandira, ndiye olandira 300 ndi ntchito yomweyo kuichita ka 300. Pangani ma byte kamodzi, onse agawane omwewo.

Chachitatu ndi olembera, mmodzi pa wolandira aliyense. Wolembera amatenga mu mzere wa munthu wake, amalemba pa socket, amadikira drain (kudikira kuti zomwe zaunjikana pa socket zichepe), n'kutenganso wina. Uyu yekha ndi amene waloledwa kudikira, chifukwa akadikira, amene wachedwa ndi mwini socket yekha.

Chachinayi ndi wosunga, amene amalemba mu database. Muzimuona ngati wolandira wamba wokhala ndi mzere wake, osati ngati bwana amene aliyense ayenera kumudikira.

Kanthu kena kakang'ono koma kopweteka: asyncio sigwira mwamphamvu task yomwe mwapanga ndi create_task. Mukapanda kuisunga penapake, monga mu set, garbage collector ikhoza kuichotsa ili pakati pa ntchito. Kuyambira Python 3.11 pali TaskGroup yomwe imasamala zimenezi.

Wolandira mmodzi ali ndi netiweki yofooka. N'chifukwa chiyani seva yonse ikuchedwa, kapena memory ikungokwera?

Ili ndiye funso lalikulu pa tsamba lonseli.

Woyang'anira watsegula dashboard pa foni ali ku Katoto, netiweki ili bwino. Wakwera galimoto kulowera ku Chikangawa, ndipo m'nkhalango muja foni yagwera pa 2G, kenako yatayiratu. TCP sidandaula msanga. Seva ikupitiriza kulemba, ma byte akudzaza buffer ya kernel. Buffer ikadzaza, chotsatira chimadalira momwe munalembera pulogalamu.

Ngati wogawa amachita await writer.drain() pa wolandira aliyense motsatana, amakakamira pa foni ya ku Chikangawa ija. Ofesi siilandira kanthu, SMS ya thanki youma situluka, mzere waukulu ukudzaza, ndipo posakhalitsa wowerenga nayenso ayamba kutaya zochokera ku radio. Munthu mmodzi waimitsa mzinda wonse.

Ngati munaona vuto limenelo n'kungochotsa drain, mwasamutsa matenda. Tsopano writer.write() ikuunjika ma byte mu memory ya pulogalamu popanda malire. Asyncio ili ndi chizindikiro pa 64 KiB, koma chimagwira ntchito kwa amene akudikira drain yekha. Pa data yathu yochepayi zitenga masabata kuti muone, ndipo n'chifukwa chake vutoli limadutsa poyesa. Pa data yambiri, kernel imapha pulogalamu yanu usiku umodzi, mu log n'kungosiya mzere umodzi wa OOM killer, gawo la kernel lomwe limapha pulogalamu memory ikatha.

Mankhwala ake ali patatu. Wolandira aliyense akhale ndi mzere wokhala ndi malire, monga asyncio.Queue(maxsize=120), omwe pa chitsanzo chathu ndi mphindi 20 za data. Wogawa aziika ndi put_nowait, yomwe sidikira, ikapeza mzere wodzaza imaponya QueueFull. Ndipo musankhiretu chochita QueueFull ikabwera, chifukwa olandira safanana.

Wa dashboard amafuna kudziwa madzi ali pati panopa. Mlingo wa mphindi 20 zapitazo alibe nawo ntchito. Kwa iye tayani uthenga wakale kwambiri, ikani watsopano. Kuposa apo, m'malo mwa mzere musungireni mlingo womaliza wa thanki iliyonse, mu dict ya malo 30, ndipo akabwerera pa netiweki alandire mauthenga 30 okha. Bandulo yakenso ipuma.

Wa mbiri, amene akufuna uthenga uliwonse, musamutayire mwakachetechete. Mudule, ndipo akalumikizanso anene nambala ya uthenga womaliza umene analandira, seva imuwerengere otsalawo kuchokera mu database.

Pomaliza, wolembera asadikire mpaka kalekale. Kulungani drain mu asyncio.wait_for ya masekondi 10 kapena 15. Nthawi ikatha, gwiritsani ntchito transport.abort(), osati close(), chifukwa close() imayesa kumaliza kutumiza zomwe zatsala kwa munthu amene kulibe. Kuti muone amene akuchedwa, lembani ss -tn pa seva n'kuyang'ana Send-Q: nambala imene ikungokula osatsika ndiye foni ya m'nkhalango ija.

Mauthenga akufika oduka pakati, ena ophatikizana awiri. Cholakwika n'chiyani?

Palibe chawonongeka. TCP ndi serial zimanyamula ma byte ngati madzi mu paipi, sizidziwa pomwe uthenga wayambira kapena pomwe wathera. Mukaitana read, mukhoza kulandira theka la uthenga, kapena uthenga umodzi ndi theka. Pa tebulo mu ofesi zimaoneka ngati read imodzi ndi uthenga umodzi chifukwa netiweki ndi yachangu. Kumunda zimasiyana.

Socket iliyonse ikhale ndi buffer yake. Zomwe mwawerenga ziphatikizeni kumapeto kwa buffer, kenako chotsani mauthenga athunthu onse amene alimo, zotsala zidikire ulendo wina. Pa TCP, njira yosavuta ndi kuyamba uthenga ndi ma byte 2 onena kutalika kwake, n'kuwerenga ndi readexactly. Ikani malire: wina akanena kuti uthenga wake ndi ma byte 60,000 pomwe anu sadutsa 256, mudule pomwepo.

Pa serial, kutalika kokha sikukwana, chifukwa byte imodzi ikasowa mumasochera mpaka kalekale. Pamafunika chizindikiro cha malire chomwe sichipezeka m'kati mwa data. COBS imachotsa ma zero onse mu uthenga kuti 0x00 ikhale malire, ndipo imangowonjezera byte imodzi pa ma byte 254 aliwonse. SLIP, ya mu RFC 1055, imachitanso chimodzimodzi ndi 0xC0. Kumapeto ikani CRC-16. Uthenga ukalephera CRC, utayeni, onjezerani 1 pa chiwerengero cha otayika, pitani pa malire otsatira.

Serial port ndingaiwerenge bwanji popanda kuimitsa event loop?

Pa Linux serial port ndi file descriptor ngati ina iliyonse. Itseguleni ndi timeout=0, iperekeni kwa loop.add_reader, ndipo mukaitanidwa werengani zonse zomwe zilipo. Kapena gwiritsani ntchito pyserial-asyncio. Chomwe simuyenera kuchita ndi kuitana ser.readline() m'kati mwa coroutine, chifukwa imaimitsa zonse mpaka mzere utatha.

Dziwani kuchuluka kwa nthawi yomwe muli nayo. Pa 115200 baud, 8N1, mumadutsa ma byte 11,520 pa sekondi. Buffer ya tty mu kernel ndi ya pafupifupi ma byte 4,096. Gateway ikamalankhula mosalekeza, buffer imadzaza theka la sekondi lisanakwane.

Musalembe /dev/ttyUSB0 mu pulogalamu. Chingwe chikagwedezeka, chipangizo chimabwerera ngati ttyUSB1. Tengani dzina la mu /dev/serial/by-id/. Ma adapter otchipa a CH340 alibe serial number, ndiye mukakhala ndi awiri ofanana gwiritsani ntchito /dev/serial/by-path/ ndipo musasinthe pobaya. Read ikabweza error, tsekani port, dikirani masekondi 2, yesaninso kutsegula, osagwetsa seva yonse.

Seva imangoima masekondi angapo, CPU ili pansi. Ndiyang'ane kuti?

Kondakitala akukangana za chenji penapake. Okayikitsa ndi awa: time.sleep m'malo mwa asyncio.sleep, laibulale ya requests potumiza SMS, socket.gethostbyname pamene DNS sikuyankha, ndi commit ya SQLite pa SD khadi yotopa. Yatsani PYTHONASYNCIODEBUG=1 ndipo asyncio ilemba mu log ntchito iliyonse yomwe yagwira loop kupitirira 100 ms. Mukaipeza, isamutsireni ku asyncio.to_thread, yomwe ilipo kuyambira Python 3.9, kapena pezani laibulale ya async.

Za SQLite: yatsani WAL, ndipo musachite commit pa uthenga uliwonse. Sonkhanitsani a masekondi 5 kapena 10 mulembe pamodzi. Khadi imakhalitsa.

Foni inachoka pa netiweki kalekale koma seva ikuti ikadalipo. Zimatheka bwanji?

Foni ikathima batire kapena ikalowa kopanda netiweki, sitsanzika. Palibe FIN, palibe RST, zizindikiro za TCP zonena kuti kulumikizana kwatha. Ngati seva ilibe chotumiza, sidzadziwa. TCP keepalive ya Linux, ngakhale mutaiyatsa, imadikira masekondi 7,200, omwe ndi maola 2, isanafunse koyamba, kenako imafunsa ka 9 motalikirana masekondi 75. Ngati seva ikutumiza data, kernel imabwerezabwereza kwa mphindi pafupifupi 15 isanagonje.

Fupikitsani pa socket iliyonse: TCP_KEEPIDLE 60, TCP_KEEPINTVL 10, TCP_KEEPCNT 3, ndi TCP_USER_TIMEOUT ya 30000 ms kapena 60000 ms. Koma chodalirika kwambiri ndi kufunsana pa mlingo wa pulogalamu. WebSocket ili ndi ping ndi pong, ndipo laibulale ya websockets ya Python imatumiza ping masekondi 20 aliwonse payokha. Mu MQTT, broker (seva yogawa mauthenga) imadula wolandira amene wakhala chete nthawi ya keepalive kamodzi ndi theka. Ngati kutsogolo kwa seva kuli Nginx, kumbukirani kuti proxy_read_timeout yake ndi masekondi 60, ndiye WebSocket yopanda ping imadulidwa mphindi iliyonse yomwe kwakhala chete.

Ndilembe seva yangayanga kapena ndingoika MQTT?

Nthawi zambiri ikani MQTT, mulembe kokha kagawo kolumikiza radio ndi broker. MQTT inapangidwa mu 1999 ndi Andy Stanford-Clark ndi Arlen Nipper poyang'anira mapaipi a mafuta kudzera pa satellite, komwe byte iliyonse inali ndalama, ndiye mavuto athu inawadziwa kale. Mosquitto, yomwe ndi broker ya MQTT, imayenda bwino pa Raspberry Pi. Retained message imapatsa wobwera kumene mlingo womaliza wa thanki nthawi yomweyo. Last Will imalengeza yokha kuti gateway yafa. QoS 1 imaonetsetsa kuti uthenga wafika, ngakhale nthawi zina umafika kawiri. QoS 2 imadya maulendo anayi pa uthenga umodzi, ndipo pa miyezo ya madzi n'kuwononga bandulo chabe.

Port yake ndi 1883, ya TLS ndi 8883. Kuyambira Mosquitto 2.0, mukapanda kulemba listener mu config imangomvera pa kompyuta yomweyo. Ambiri amataya tsiku lonse akufufuza firewall pomwe vuto ndi limeneli.

Browser siyankhula TCP wamba, ndiye dashboard imafuna WebSocket, kapena Server-Sent Events ngati data ikupita mbali imodzi. Seva yanuyanu imakhala ndi phindu pamene mukufuna malamulo amene broker ilibe, monga kusankha chotaya mosiyana pa wolandira aliyense. Broker nayonso ili ndi malire a mzere, max_queued_messages, ndiye funso la wolandira wochedwa silinathawe, langosamukira mu config.

Gateway ili pa SIM khadi. N'chifukwa chiyani sindingaifikire ndili ku ofesi?

Pa data ya m'mafoni, kaya ya TNM kapena Airtel, SIM khadi wamba kawirikawiri imapatsidwa address ya m'kati, yogawana address imodzi ya panja ndi anthu ena ambiri. Kulowa kuchokera kunja sikutheka. Choncho gateway ndiyo iziyamba kulumikiza ku seva yomwe ili ndi address yodziwika, osati seva kufunafuna gateway. Pofuna kulowamo kukakonza zinthu, ikani VPN ya WireGuard ndi PersistentKeepalive ya masekondi 25 kuti njira isatsekeke.

Ngati mukugwiritsa ntchito SIM800L, kachipangizo kolumikiza pa netiweki ya foni, vuto loti ikungodzimitsa n'kuyakanso nthawi zambiri si la pulogalamu. Imafuna pakati pa 3.4 V ndi 4.4 V, ndipo potumiza imakoka mpaka 2 A kwa kanthawi kochepa. Waya woonda kapena pini ya 3.3 V ya ESP32 sizingakwanitse. Ipatseni regulator yakeyake ndi capacitor yaikulu, 1000 µF kapena kuposa, pafupi penipeni ndi miyendo yake.

Magetsi akathima n'kuyakanso, chimachitika n'chiyani?

Zinthu zitatu, ndipo zimabwera pamodzi.

Onse amadzuka nthawi imodzi. Ma gateway ndi makompyuta a dera lonse amagogoda pa seva sekondi yomweyo, aliyense ndi TLS handshake yake. Akalephera n'kuyesanso onse patatha masekondi 5, agundanso pakhomo limodzi. Kudikira kuziwirikiza, 1, 2, 4, 8, mpaka 60, ndipo aliyense aziwonjezerapo kanthawi kosankha mwachisawawa kuti abalalike.

Wotchi imasokonekera. Raspberry Pi 4 ndi zam'mbuyo zilibe wotchi ya batire. Ikadzuka popanda intaneti imayamba ndi nthawi yomwe inasunga komaliza, kapena 1970. Miyezo imalembedwa nthawi yabodza, ndipo TLS ikhoza kukana certificate poiona ngati sinayambe kugwira ntchito. Ikani wotchi ya batire ya DS3231 pa I2C. Sungani nthawi mu UTC, muziwonjezera maola 2 a kuno poonetsa pokha. Poyeza ma timeout gwiritsani ntchito time.monotonic kapena loop.time, chifukwa NTP ikakonza wotchi mwadzidzidzi, time.time imadumpha ndipo seva ikhoza kudula olandira onse poganiza kuti akhala chete zaka.

SD khadi imawonongeka ikathimitsidwa ili pakati polemba. Batire ya 12 V ndi chotsitsira ku 5 V cha 3 A zimathetsa zambiri. Miyezi ya June ndi July, pamene Mzuzu imakhala masiku angapo mu nkhungu ndi mvula yowaza, sola sidzaza batire, ndiye muyeze batire yanu ndi masiku amenewo, osati ndi dzuwa la October.

Gateway izisunga mauthenga pa disk netiweki ikasowa. Masiku 3 pa chitsanzo chathu ndi mauthenga 25,920, osakwana 4 MB. Ikabwerera itumize atsopano poyamba, akale azitsatira pang'onopang'ono, monga 20 pa sekondi, ndipo akhale ndi chizindikiro choti ndi akale kuti SMS ya thanki yomwe inauma dzana isatuluke lero. Seva yokha iyende pansi pa systemd ndi Restart=always, ndi WatchdogSec kuti ikakakamira osafa idzutsidwe.

Nanga kutumiza lamulo kubwerera ku chipangizo, monga kuyatsa pampu?

Apa olandira ambiri akulimbirana radio imodzi, ndiye pakhale task imodzi yokha yolembera ku gateway, ndi mzere wake. Awiri akalemba pa serial nthawi imodzi, ma byte amasakanikirana.

Mu LoRaWAN, omwe ndi malamulo a netiweki ya LoRa, chipangizo cha Class A chimagona nthawi zonse. Chimatsegula khutu kawiri kokha chikangotha kutumiza, mwa chizolowezi patatha sekondi 1 ndi masekondi 2. Lamulo lanu lidikira mpaka chidzalankhulenso, mwina mphindi 5. Choncho seva iyankhe wolamula nthawi yomweyo kuti lamulo lalandiridwa, ndi nambala yake, kenako idzanene padera kuti latumizidwa, ndiponso kuti chipangizo chavomera. Lamulo lililonse likhale ndi nthawi yothera mphamvu. Lamulo loyatsa pampu lomwe lafika patatha maola 6, thanki itadzaza kale, limasefukiritsa madzi. Muzilamula kuti "yatsa" kapena "thimitsa", osati "sintha", kuti likafika kawiri pasakhale chosokonekera. Chipangizo cha pa pampu, poti chili ndi magetsi, chikhoza kukhala Class C chomwe chimamvetsera nthawi zonse.

Mpweya nawonso uli ndi malire. Uthenga wa ma byte 12, pamodzi ndi zomwe LoRaWAN imawonjezerapo, umatenga pafupifupi 62 ms pa SF7, liwiro lachangu la LoRa, koma 1,483 ms pa SF12, liwiro lochedwa lofika patali. Pa malire a 1% amene zipangizo za EU868 zimatsata, wa SF12 uja ayenera kukhala chete mphindi pafupifupi ziwiri ndi theka asanalankhulenso. Ndipo gateway ikamatumiza, nthawi imeneyo simva masensa. Za ma frequency ololedwa ndi chilolezo cha zipangizo funsani ku MACRA musanaitanitse katundu.

Uthenga umodzi ukuoneka kawiri kapena katatu. Ndiuchotse pati?

Ma gateway awiri, ina ku Chibavi ina ku Zolozolo, akhoza kumva sensa imodzi. QoS 1 nayo imabwereza. Chotsani pa wogawa, uthenga usanalowe m'mizere ya olandira. Chizindikiro chikhale nambala ya chipangizo pamodzi ndi nambala ya uthenga, yomwe mu LoRaWAN ndi FCnt. Ngati mukugwiritsa ntchito network server monga ChirpStack, za ma gateway imakuchitirani yokha. Samalani ndi chipangizo chomwe chasinthidwa batire n'kuyambiranso kuwerenga pa 0: mukangotsata lamulo loti nambala yaing'ono ndi yakale, muchitaya chonse mpaka chidzadutse pomwe chinalekezera.

"Too many open files" ikutanthauza chiyani?

Socket iliyonse ndi file descriptor, ndipo malire a chizolowezi ndi 1024 pa pulogalamu imodzi. Ngati olandira ndi ochulukadi, kwezani ndi LimitNOFILE mu fayilo ya systemd. Koma ngati muli ndi olandira 40 okha, mukudontha penapake. Werengani zomwe zili mu /proc/PID/fd lero ndi mawa. Ma socket ambiri a CLOSE_WAIT akutanthauza kuti mnzanu anatseka, inu simunatseke. Kutseka socket, kuchotsa mzere pa mndandanda ndi kuimitsa task ya wolembera zikhale mu finally, kuti zichitike ngakhale pagwe error yotani.

Ndiiyese bwanji ndisanakaike pa thanki?

Radio siifunika poyamba. Lamulo la socat -d -d pty,raw,echo=0 pty,raw,echo=0 limakupatsani ma serial port awiri onamizira olumikizana. Seva itsegule imodzi, inayo muzithiramo mauthenga ndi kapulogalamu kakang'ono. Thirani bwinobwino poyamba, kenako byte imodzi imodzi, kenako mauthenga 50 ophatikizana, kenako zinyalala pakati.

Lembani wolandira waulesi: alumikize, apemphe data, asawerenge kanthu. Thamangitsani data kuwirikiza ka 1,000 kuti buffer idzaze msanga, ndipo muone ngati wolandira wabwino amene ali pambali pake akulandirabe pa nthawi yake, ndiponso ngati memory yaima pamodzi. Kenako aulesiwo akhale 200.

Netiweki yoipa ipangeni ndi tc qdisc add dev eth0 root netem delay 800ms loss 10%. Foni yosowa mwadzidzidzi iyerekezeni ndi lamulo la iptables la DROP, osati kutseka pulogalamu, chifukwa kutseka kumatumiza FIN ndipo seva imadziwa msanga. Zulani chingwe cha USB seva ikuyenda, chibwezereni pa port ina. Zulani pulagi ya magetsi ka 20 motsatana, ulendo uliwonse muone ngati yadzuka yokha ndiponso ngati PRAGMA integrity_check ya SQLite ikuyankha kuti ok.

Pa nthawi yonseyi seva izilemba mu log, mphindi iliyonse, manambala asanu: olandira amene alipo, kutalika kwa mzere wautali kwambiri, mauthenga otayidwa chifukwa cha QueueFull, olephera CRC, ndi kuchedwa kwa loop. Kuchedwa kwa loop mumakuyeza ndi task yogona sekondi 1 n'kuona kuti yadzuka mochedwa bwanji. Pa Raspberry Pi yomwe ili bwino imachedwa ma millisecond ochepa. Ikayamba kudutsa 100 ms, yatsani debug mufufuze chomwe chagwira loop musanakweze makwerero kupita nawo pa thanki.